Ma multimeter achikasu aja: pa batire ali bwino, pa soketi samalani

Ndinagula ma multimeter (mamita oyezera magetsi) asanu ku Lilongwe pa mtengo wa K15,000 imodzi, oti anyamata ndi atsikana amene ndimawaphunzitsa zamagetsi kuno ku Kamwendo, ku Mchinji, azigwiritsa ntchito. Ndisanapereke ndalama ndinafunsa mwini shopu kawiri konse kuti, "Achimwene, kubowo la 10A kuli fyuzi?" Anayankha akuseka kuti ili mkati, ndisadandaule.

Sabata yachitatu tinkayeza ma amp (kuchuluka kwa magetsi amene akudutsa) pa bulbu ya 12V, waya wofiira wa mita uli kubowo la 10A, loyezera ma amp. Titamaliza, mtsikana wina, wakhama kwambiri m'kalasimo, anapita kukayeza soketi ya pakhoma koma anaiwala kubweza waya wofiira kubowo la V, loyezera ma volt. Aliyense wophunzira amalakwitsapo zimenezi, ndiye chifukwa chake fyuzi imayikidwa. Tinangomva phuu! Moto kung'anima, bulekara kugwa, nsonga ya probe (kachitsulo ka kumapeto kwa waya woyezera) kusungunuka, mwana kugwa chagada manja akunjenjemera. Mulungu yekha, sanapse. Madzulo ndinamasula mitayo. Kubowo la 10A kunalibe fyuzi ngakhale imodzi, kachitsulo kokha kolumikiza, ndiye kuti 230V ya ESCOM inangodutsa ngati mwagundanitsa mawaya awiri. Kafyuzi kamene kalimo ndi ka 200mA basi. Ndinatsegulanso zinayi zotsalazo, chimodzimodzi.

Nditaimbira mwini shopu anati ndi vuto la ana anu, katundu wogulidwa sabwezedwa. Mawu amenewo ndi amene akundiwawa mpaka lero, kuposa ndalamazo. Munthu amene ukudziwa kuti akukaphunzitsa ana a eni ake sungamunamize pa nkhani ya moyo. Kumeneko sindidzapondakonso.

Komabe mitayo payokha sindingainyoze yonse. Ndinaiyerekeza ndi yanga yakale pa batire ya sola yodzaza, zonse zinawerenga 12.6V. Pa ma resistor (tizipangizo tochepetsa magetsi odutsa) imalondola, manambala amaoneka bwino ngakhale panja padzuwa, ndipo batire yake ya 9V sinathebe. Pophunzitsa lamulo la Ohm (la ubale wa ma volt, ma amp ndi ma resistor) pa tebulo ndi yokwanira ndithu. Mawaya ake okha ndi opyapyala, awiri aduka kale pakhosi.

Zinayi zotsalazo ndamata selotepi pabowo la 10A, ndipo zimagwira za batire ndi sola zokha. Ya pa soketi tili ndi imodzi, yanga yakale ija, ndipo wophunzira saigwira ndisanaone ndekha pamene waya wofiira walowa. Mtsikana uja wayambanso kuyeza sabata yatha, ndili pambali pake.