Operekeza alendo a pa Likhubula: kodi angaphunzitse ana athu mbiri ya phiri?

Chilembereni bungwe la UNESCO phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo otetezedwa a dziko lonse lapansi mu 2025, aphunzitsi ambiri akufuna kukweza ana a Sitandade 3 mpaka 5 kuti akaone okha. Chapafupi n'kupeza woperekeza alendo pa ofesi ya zankhalango ya Likhubula, n'kukwera naye mpaka pa Dziwe la Nkhalamba.

Pa zanjira anthuwa ndi akadaulo. Amadziwa thanthwe loterera, mthunzi wopumirapo, ndiponso kumwamba kukayamba kuda chiperoni. Wamkulu amafika padziwe pakatha ola limodzi, koma ndi ana werengerani awiri. Woperekeza mmodzi asapitirire ana 12, ndipo mphunzitsi aziyenda pambuyo penipeni. Nthawi yabwino ndi May mpaka October. Ana asasambire ngakhale atachonderera, chifukwa madziwo ndi ozizira kwambiri komanso akuya.

Pomwe pamaperewera ndi pa nkhani zomwe amafotokoza. Ambiri adazolowera alendo akunja, choncho amathamangira kunena kuti Sapitwa, nsonga yaitali kwambiri ya phirili, ndi mamita 3,002, kenaka mayina a nsonga ndi za mkungudza. Zoona ndithu, koma mwana wa zaka 9 amangoyang'ana nyani. Kakumaneni naye woperekezayo ulendo usadachitike, mugwirizane kuti alankhule Chichewa ndi Chilomwe, ndipo afotokoze za anthu: nsembe zopempha mvula zomwe makolo ankathira padziwepo, amwandionerapati omwe akuluakulu amati ankakhala m'phirimo, ndi linga la Fort Lister lomwe lidamangidwa mu 1893 pakati pa Mulanje ndi Michesi kuti litseke njira ya akapolo. Mukatenganso gogo wa m'mudzi wa anawo, phunziro limakoma kwambiri, pakuti mwana akamva "agogo anu aamuna ankadutsa apa" saiwala.

Chinanso choyenera kupangana ndi cha mapale a mbiya zakale. Mwana akaona phale lokhala ndi mizere pakamwa pake amafuna kuliika m'thumba, ndipo si operekeza onse amene amaletsa. Phale likachoka pamalo pake silinganenenso kuti mudzi udali pati. Aligoneke pomwepo, aike rula pambali, alijambule m'kope ndi mizere yake yonse, alembe tsiku ndi malo. Mapale akakhala ambiri malo amodzi, dziwitsani mfumu ndi a nthambi ya boma yoona za zinthu zakale.

Ntchito ya operekezawa ndi yoyenera kulipira, bola mphunzitsi akonzeretu yekha mbali ya mbiri. Mtengo mugwirizane pa ofesi musadanyamuke, ndipo madzi akumwa ndi kamba mubwere nazo.