Ndemanga: timatabwa ta mlombwa tomata pa simenti

Timatabwa timene ndikunena ndi tija ta mamilimita pafupifupi 230 m'litali, 70 m'lifupi ndi 20 kuchindikala, tomata ndi guluu pa simenti monga amachitira matailosi. Timatabwati tili pabalaza ndi m'zipinda zogona, ndipo tadutsa kale dzinja ndi chilimwe chomwe. Mtengowo ndaukonda kwambiri. Chondidandaulitsa ndi mmene umagulitsidwira, komanso changu cha amisiri ena.

Ubwino wa mlombwa ndi wakuti sutupa kapena kunyala kwambiri nyengo ikasintha, ndiye mipata pakati pa timatabwa sikula ngati ya bulugamu. Mtima wake, wofiirira uja, chiswe sichiukonda. Mu June ndi July munthu amaponda pansi osamva kuzizira kwa simenti, ndipo ukapakidwa vanishi maonekedwe ake sasowa kapeti. Koma si wolimba ngati mwala: miyendo ya mipando yachitsulo ndi nsapato zazitali zosongoka zimasiya timaenje.

Pa katundu amene anabwera panali timatabwa toyera m'mbali, tina tosiyana kuchindikala ndi milimita imodzi kapena awiri, tinanso tosauma bwino. Mbali yoyerayo ndi ya kufupi ndi khungwa, ndipo tizilombo toboola matabwa timayambira pomwepo, choncho muzitipatula musanalipire. Wogulitsa ayeze chinyezi ndi kachipangizo inu mukuona. Chikhale pakati pa 10 ndi 12 peresenti. Akangoti "ndi zouma izi bwana" popanda choyezera, musakhulupirire. Funsaninso mapepala a ku Dipatimenti ya Zankhalango, chifukwa mlombwa ndi mtengo wotetezedwa ndipo ukutha m'nkhalango zathu. Pogula onjezerani 10 peresenti ya zodula ndi zotaya, kapena 15 ngati mukufuna kayalidwe ka herringbone, kooneka ngati minga ya nsomba. Chipinda cha masikweya mita 20 chimafuna 22 kapena 23.

Nkhani yaikulu ili pa simenti. Simenti imaoneka youma pamwamba pomwe m'kati mukadali madzi. Ya pamwamba yochindikala mamilimita 50 imafuna masiku osachepera 50, pafupifupi tsiku limodzi pa milimita iliyonse, ndipo m'dzinja imachedwerapo. Kuyesa kwake n'kosavuta: dulani pulasitiki ya theka la mita mbali zonse, imateni pansi ndi tepi kuti mpweya usalowe, dikirani masiku awiri. Mukapeza timadontho kunsi kwake kapena simenti yada, musamate kanthu. Ngati nyumba inamangidwa osayala pulasitiki pansi pa konkire, chinyezicho sichidzatha chokha, chizikwera chaka chilichonse mvula ikayamba. Pamenepo pafunika mankhwala a epoxy otchinga chinyezi, apo ayi ikani matailosi basi.

Nyumba zambiri kwathu kuno pansi pake panadya polishi wofiira kwa zaka. Guluu sagwira pa polishi ngakhale mutatsuka ndi sopo kangati. Pafunika kupala ndi girayinda mpaka simenti yeniyeni ioneke. Pakona ina pomwe mmisiri anangopukuta osapala, timatabwa tinamatuka mvula yoyamba itangogwa, ndipo ukagogoda pamalira ngati ng'oma. Kukonza kwake n'kuzula, kupala ndi kumatanso. Onaninso kusalala: ikani chitsulo chowongoka cha mamita awiri, mpata wa kunsi usapose mamilimita atatu.

Timatabwa tikhale m'chipinda momwe tiikidwe kwa sabata imodzi kapena ziwiri, titamasulidwa m'mitolo, kuti tizolowere mpweya wa m'nyumbamo. Guluu akhale wa polyurethane kapena MS polymer. Woyera wa akalipentala uja ali ndi madzi, amatupitsa mtengo. Amapakidwa ndi chopakira cha mano, pafupifupi kilogalamu imodzi pa sikweya mita, pang'onopang'ono kuti asaume timatabwa tisanakhazikike. Yambani pa mzere wa chingwe pakati pa chipinda, chifukwa makoma athu ambiri si owongoka. Kukhoma kulikonse siyani mpata wa mamilimita 10 mpaka 12. Amisiri ena amauona ngati ntchito yosamaliza n'kuutseka ndi matope a simenti, koma mtengo woikidwa mu October umatupa mu January, ukasowa kolowera umatukuka pakati pa chipinda. Mpatawo ubisike ndi sikatingi, thabwa la m'munsi mwa khoma, yokhomeredwa kukhomako, osati pansi.

Kusalaza kudikire masiku angapo kuti guluu agwire. Sandipepa ayambe wokhakhala wa nambala 40, kenako 60, kumalizira 100. Apa mmisiri anagwira bwino, ndipo kusiyana kwa kuchindikala kuja kunatheratu. Makina osalazira asaime pamalo amodzi akuzungulira, amakumba chigwa chimene vanishi amachionetsa poyera. Fumbi losalala lomaliza lisakanizidwe ndi mankhwala otsekera mipata, mtundu wake umafanana ndi pansipo. Vanishi wa polyurethane apakidwe katatu, kupalako pang'ono ndi kuchotsa fumbi lonse pakati pa ulendo uliwonse. Mipando yolemera ndi kapeti zidikire sabata.

Amene azolowera kukolopa ndi madzi ambiri m'mawa uliwonse ayenera kusiya. Madzi amalowa m'mipata, m'mbali mwa timatabwa mumada, vanishi n'kuyamba kusupuka. Kusesa ndi tsache lofewa ndi kupukuta ndi nsanza yofinya bwino n'kokwanira, ndipo polishi asapakidwe pa vanishi. Kubafa ndi pafupi ndi sinki ya kukhitchini sindingalangize munthu kuika mlombwa. Pabalaza ndi kuchipinda ndingaugulenso, bola choyezera chinyezi chifike pamalo katundu asanatsitsidwe m'galimoto.