Ulendo wokaona mbalame za flamingo ku Nyanja ya Bogoria

Ndinalipira kampani ina yaing'ono ya mumzinda wa Nakuru kuti inditengere ku Nyanja ya Bogoria m'dziko la Kenya, ndipo ndalama zanga sizinapite pachabe, makamaka chifukwa cha bambo amene ankatitsogolera. Nyanjayi, pamodzi ndi ya Nakuru ndi ya Elementaita, inalowa m'kaundula wa bungwe la UNESCO wa malo ofunika kwambiri padziko lonse m'chaka cha 2011.

Bambowa anatikhazika pansi chapatali ndi gombe, anatibwereka magalasi oonera kutali, kenako anatilangiza kuti tisiye kaye kugoma ndi khamu lonse ndipo tiyang'anitsitse mbalame imodzi. Mpamene ndinaona kuti imadya itazondotsa mutu, mlomo uli m'madzi, lilime likupopa madziwo kudutsa m'timizere ta m'kamwa timene timagwira ntchito ngati sefa, n'kutsalamo ndere zokhazokha. Madzi a nyanjayi ali ngati chidulo, moti nsomba sizikhalamo, koma ndere zimachulukana bwino, ndipo ndizo zimafiiritsa nthenga, pakuti anapiye amayamba ali otuwa. Poti nsomba mulibe, nkhwazi za kumeneko zimagwira flamingo, chinthu chimene chinandidabwitsa ine amene ndinazolowera kuona nkhwazi ikuwakha chambo.

Chimene sindidzaiwala ndi gule wa flamingo. Kagulu kena kanayamba kuyenda mothithikana, makosi ali chilili, mitu ikutembenukira uku ndi uku nthawi imodzi, zina zikutambasula mapiko n'kuonetsa nthenga zakuda zam'mphepete. Bambowa anafotokoza modekha kuti umu ndi momwe zimasankhirana, ndipo zambiri zimakaswa ku Nyanja ya Natron ku Tanzania, kumene zimaumba zisa zamatope n'kuikira dzira limodzi lokha. Makolo onse awiri amadyetsa mwana madzi ofiira ochokera kukhosi kwawo, ndipo ana akakulako amasonkhana m'gulu lalikulu loyang'aniridwa ndi mbalame zazikulu zochepa.

Dandaulo langa lili pa dalaivala, amene anatifulumizitsa kuti tikafike ku akasupe a madzi otentha kumene alendo amaphikako mazira, pamene ife tinali tisanakhutire ndi mbalamezo. Komanso m'galimoto munalibe madzi akumwa okwanira, chonsecho kumeneko dzuwa limaswa mtengo. Amene akufuna kupitako apangane ndi kampani asanalipire kuti anyamuke mbandakucha ndiponso kuti nthawi yochuluka akaithere pagombe.