Miyezi 9 ndi pulogalamu ya AI pa dipatimenti pathu: yankho kwa mnzanga wa ku Domasi

Lachiwiri lapitali ndinalandira uthenga pa foni kuchokera kwa amene anatigulitsa pulogalamu ya AI (ya pa kompyuta, yoyankha mafunso ndi kulemba ngati munthu), wakuti kuyambira mwezi wamawa tizilipira K95,000 munthu mmodzi pamwezi, kuchoka pa K60,000. Madzulo ake mnzanga amene amaphunzitsa ku Domasi anandiimbira. "Achimwene, anzanga kuno akufuna tigule chinthu chija munkachiyamikira chaka chatha. Tigule?" Ndinamupempha kuti andipatse masiku awiri, chifukwa zomwe ndinalemba poiyamikira nditangoigwiritsa ntchito milungu itatu, zina ndikuzibweza lero.

Ndimaphunzitsa mbiri yakale pa koleji ina kuno ku Zomba. Tinalipo anthu 6 amene tinagwirizana kulipira za m'thumba mwathu. Chomwe chinatikankha ndi ophunzira. Chitulukireni pulogalamu ya AI yotchedwa ChatGPT mu November 2022, asainimenti zinayamba kubwera ndi Chingerezi chosalala chimene mwini wake sangathe kuchifotokoza ukamufunsa mu ofesi. Tinaona kuti nkwabwino tizidziwe tokha zida zimenezi kusiyana ndi kumangokalipa m'kalasi. Pa msonkhano wa dipatimenti tinawerengerana malangizo omwe UNESCO inatulutsa mu 2023, onena kuti sukulu ziziyesa kaye zida zotere ndi kuteteza zinsinsi za ophunzira. Tinavomerezana nawo, koma kunena zoona mbali ya zinsinsiyo sitinaitsatire mpaka pamapeto.

Pulogalamu yomwe tinagula sindiitchula dzina, wogulitsanso ayi. Tinadzera mwa munthu chifukwa kulipira madola ndi khadi ya kubanki kwakhala kovuta, makamaka kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023. Mnyamata wa kampani ina ya ku Blantyre anati ife tizingotumiza makwacha pa Airtel Money kapena Mpamba, za madola aziona yekha. Anaitcha layisensi ya dipatimenti.

Zomwe imachita bwino sizifuna mawu ambiri. Imakonza ndondomeko ya maphunziro a semesita mwachangu. Imandipatsa poyambira ndikamalemba mafunso a mayeso, ngakhale theka lake ndimataya. Ndikaipatsa chikalata changa kuti ichifupikitse, imafupikitsa mokhulupirika. Mafomula a Excel owerengera malikisi, amene kale ndinkavutitsa nawo anzanga a masamu, pano ndimathana nawo ndekha. Mamineti a msonkhano amatuluka tsiku lomwelo. Pa izi ndilibe dandaulo.

Vuto lomwe silinachoke miyezi yonseyi ndi kupeka magwero. Linandiwawa kwambiri kudzera mwa mtsikana wina wa chaka chomaliza amene ndikumuyang'anira pa kafukufuku wake. Akulemba za asodzi a ku Kachulu, momwe anakhalira nyanja ya Chilwa itauma mu 1968, ndipo akufuna kufananiza ndi zomwe zinachitika mu 1995 ndi 2018. Tinakhala limodzi mu ofesi mwanga, ine ndikutayipa ndekha, nkuifunsa pulogalamuyo kuti itiuze koyambira kuwerenga. Inatipatsa mndandanda wa magwero 11. Anayi mwa iwo anali mafayilo a ku National Archives, kosungira zolemba zakale za boma kuno ku Zomba, manambala ake oyamba ndi S1, monga momwe mafayilo a ofesi ya Secretariat ya nthawi ya atsamunda amalembedwera. Maonekedwe ake anali enieni. Ndinamupatsa pepalalo osayang'ana kawiri, ndipo kulakwa kumeneko nkwanga.

Mwanayo anayenda masiku atatu, kuchokera ku Chikanda komwe amachita lendi, akulipira kabaza popita ndi pobwera. Ogwira ntchito kumeneko anamuthandiza moleza mtima, anafufuza m'mabuku awo onse a mndandanda. Tsiku lachinayi anagogoda pakhomo panga, maso ali ofiira. "A Dokotala, akuti mafayilo atatu kulibe. Imodzi yapezeka, koma ikukamba za misewu, za nsomba mulibemo." Anali atawononga ndalama yake ya ndiwo ya sabata yonse, ndipo ankaganiza kuti ndi iye amene anakopera manambala molakwika. Ndinamubwezera ya kabaza, koma masiku atatuwo sindikanatha kumubwezera.

Usiku umenewo ndinaiyesa pulogalamuyo pa zinthu zomwe ndimazidziwa pamtima. Za John Chilembwe inayankha bwino: 23 January 1915, Mbombwe, Providence Industrial Mission. Zoti likulu linachoka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975 inadziwa. Nditangotsika kulowa m'nkhani za kumudzi, za mafumu a m'mbali mwa Chilwa, za misika ya nsomba zouma, inayamba kutenga dzina la katswiri weniweni nkulimata pa mutu wa nkhani imene iye sanalembepo. Ndipo imanena ndi mawu amodzimodzi, odekha, ngati momwe imanenera zoona.

Chifukwa chake ndinachimvetsa pambuyo pake. Zida zimenezi zinaphunzira powerenga zolemba zambirimbiri, ndipo ntchito yake ndi kulosera mawu oyenera kutsatira. Pomwe zolemba zilipo zochuluka, kulosera kumagwera pa choonadi. Mbiri yathu yambiri ili m'mafayilo a pepala ndi m'mitu mwa agogo, pa intaneti palibe. Pulogalamuyo imadziwa momwe nambala ya fayilo imaonekera, ndiye imangoumba ina yofanana nayo. Opanga pulogalamuyo atawonjezera zoti izifufuza pa intaneti isanayankhe, zinasinthako pa nkhani za m'magazini a kafukufuku, koma pa mafayilo ndinaigwiranso kawiri mwezi wathawu.

Pa Chichewa ndiye imapunduka. Mtsikana yemweyo anajambula mawu a asodzi, ena akusakaniza Chiyao ndi Chilomwe, monga amalankhulira anthu a kumeneko. Titaipatsa kuti imasulire m'Chingerezi, matemba ndi mlamba inazindikira, makumba inasokoneza. Zimbowera, tinyumba toyandama tija asodzi amamanga pa mabango pakati pa nyanja, inati ndi mtundu wa bowa. Munthu wosadziwa Chilwa akanangolemba zimenezo m'pepala lake nkupita nazo kwa woyesa wakunja.

Sabata imeneyo ndinatsala pang'ono kuisiya. Chomwe chinandibweza ndi kalasi imodzi. Ndinasindikiza yankho la pulogalamuyo pa funso la msonkho wa nyumba ndi thangata, nkugawira ophunzira a chaka chachitatu kuti m'magulu apeze chomwe chili choona, chomwe chili chopeka, ndi umboni wake. Anapita ku laibulale okha popanda kuwakakamiza. Anakangana mpaka nthawi inatha, ndipo mnyamata amene semesita yonse sanatsegulepo pakamwa ndi amene anagwira buku lopeka. Pa zaka zonse zomwe ndaphunzitsa momwe wolemba mbiri amayesera magwero, sindinaonepo phunziro likulowa chotero. Ndinatuluka m'kalasimo ndikunena mumtima kuti K60,000 ija yagwira ntchito.

Kenako kunabwera za wogulitsa. Poyamba anali munthu wabwino, foni ankayankha ngakhale Lamulungu. Mwezi wachisanu ndi chiwiri, nditatsegula laputopu m'mawa, ndinapeza pambali pa zokambirana zanga pali zina zomwe si zathu: wina akulemba pulani ya bizinesi ya nkhuku, wina kalata yofunsira ntchito, dzina lake ndi nambala yake ya foni zili poyera. Apa mpomwe ndinazindikira kuti layisensi ya dipatimenti ija inali akaunti imodzi yomwe ankagulitsa kwa anthu angapo. Ngati ine ndinkaona zawo, iwonso ankaona zanga, ndipo ine ndinali nditaikamo mayina a ophunzira ndi malikisi awo. Thupi linazizira. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act ya 2024, ndipo mlandu ukanabuka, dzina lomwe likanatchulidwa ndi langa.

Nditamuimbira anati, "Bwana, musadandaule, ndi kavuto kakang'ono, pofika mawa tikhala titakonza." Mawa lakelo linatenga masiku 8, pakati penipeni pa nyengo yochonga mayeso, tonse 6 osatha kulowa. Atabwezeretsa, aliyense anali ndi akaunti yake ndi pasiwedi yake, zomwe zinayenera kukhala choncho kuyambira pachiyambi. Ndalama ya masiku 8 aja analonjeza kuti adzachotsera pa mwezi wotsatira, sanachotsere. Malisiti ake amangolemba kuti ntchito za kompyuta, osatchula pulogalamu kapena nthawi yomwe talipirira.

Nditamufunsa za K95,000, anayankha mosabisa kuti mtengo wakale unkatheka chifukwa chogawana akaunti, ndipo madola sawapeza pa mtengo wa kubanki wa pafupifupi K1,750. Pamenepo ndikumumvetsa, vuto la madola si lake yekha. Koma anthu 6 ndiye kuti K570,000 mwezi uliwonse. Ndalama imeneyo ingagulire bandulo ophunzira onse a chaka chomaliza, nkutsalanso yokwerera minibasi kupita ku Kachulu kukacheza ndi asodzi eni ake.

Mnzanga wa ku Domasi ndamuyankha usiku wathawu. Ndamuuza kuti agule maakaunti awiri okha, m'dzina la sukulu, pakhale pepala losainirana lonena kuti akauntiyo ndi yawo yokha komanso chomwe chidzachitike ikatsekeka. Asaikemo dzina la wophunzira aliyense. Gwero lililonse lomwe yatchula, munthu aligwire m'manja asanatume mwana. Kwathu kuno anzanga anayi asiya kale. Ine ndi mayi wina amene amaphunzitsa njira za kafukufuku tikufuna kupitiriza, koma sindinatumize ndalama. Ndamuuza wogulitsayo kuti pofika Lachisanu anditumizire pepala losainidwa ndi lisiti yochotsera masiku 8 aja, apo ayi tikafunsa ku ofesi ya zachuma ngati koleji ingatilipirire mwachindunji.