Opaleshoni ya chiuno: madokotala ali bho, koma malangizo otuluka nawo ayi ndithu

Ndilembeko za chithandizo chomwe achimwene anga analandira ku wodi ya mafupa atathyoka chiuno pa ngozi ya galimoto. Chipatalacho sinditchula dzina. Mwachidule, ku fiyeta (chipinda chochitira opaleshoni) anthu aja ntchito amaidziwa, koma zofotokozera wodwala mmene azikhalira akatuluka ndiye zero.

Atangofika anawamanga lamba wothina kwambiri, osati pamene timamanga wa thalauza koma mmunsi, pamene mafupa a ntchafu amatumphukira m'mbalimu. Anesi anati pamenepo ndiye poyenera kuti chiuno chitsekeke, chifukwa chiuno chikatseguka magazi amatayikira mkati osaoneka, makamaka kuchokera m'mitsempha ya kumbuyoku ndi m'fupa lothyokalo, munthu amatha kupita musanadziwe n'komwe. Ankabweranso kudzasuzumira khungu pansi pa lambayo poti akakhalitsa kupitirira maola 24 amayambitsa zilonda. Apa sindingawanene kanthu.

Atawajambula ndi makina oonetsa mkati mwa thupi otchedwa CT, adokotala anatikhazika pansi n'kujambula pa pepala. Akuti chiuno ndi mkombero wa mafupa atatu, awiri am'mbali ndi la kumbuyo lotchedwa sacrum, ndiye chili ngati chibangili cholimba, nthawi zambiri sichithyoka malo amodzi, mukaona kutsogolo kwatseguka kafufuzeni kumbuyo chifukwa mphamvu zambiri zonyamula thupi zili kumeneko. Kwa achimwene kutsogolo kunali kutatseguka kupitirira masentimita 2.5, zomwe akuti zimasonyeza kuti mitsempha yomanga mafupa kumbuyo nayo yang'ambikako. Pa kagawidwe ka mitundu ya kuthyoka kwa chiuno ka dokotala wa mafupa Marvin Tile anati ndi mtundu B: A ndi chiuno chokhazikika, B chimatseguka kapena kupotoka koma mbali imodzi siikwera mmwamba, C ndiye chogwedera paliponse.

Chomwe chinandigwira mtima n'choti sanangodalira chithunzi cha munthu atagona phee. Atawagoneka ndi mankhwala anakankha chiunocho uku akujambula ndi makina a X-ray a mu fiyeta kuti aone kugwedera kwake kwenikweni, ndiye anaika chitsulo chokhala ndi ma screw kutsogolo komanso screw imodzi yaitali yolowera m'mbali mpaka mu sacrum, kabala kake masitichi awiri basi. Screw imeneyi ndi yoopsa kuika chifukwa imadutsa pafupi ndi mtsempha wa L5 umene umadzutsa phazi, akaphonya pang'ono phazi limangoti lende. Nchifukwa chake atangotsitsimuka adokotala anafikira kumapazi, anavundukula bulangete n'kunena kuti "bambo tadzutsani chala chachikuluchi", chitadzuka anangogwedeza mutu n'kumapita. Ndinawafunsanso chifukwa chake sanasiye zitsulo zakunja zija zomwe ena amakhala nazo pamimba, anati zimene zija zimathandiza pa changu koma kumbuyo sizigwira bwino komanso mabowo ake amachita mafinya. Yankho lomveka, osakalipa.

Tsopano mavuto. Tsiku lotuluka wachipatala wina anati asaponde konse, wina anati aziponda ndi zala zokha mbali yovulalayo, pepala lotulukira linangolemba tsiku lobweranso basi, eeh ndiye munthu utsatire ziti? Mpaka tinachita kuwadikirira adokotala pa khomo ndi pomwe anatiuza kuti nthawi zambiri pamatenga masabata 6 mpaka 12 munthu asanaponde ndi thupi lonse, chifukwa zitsulo zimangogwirizira, chomwe chimalimbitsa chiuno ndi kupola kwa fupa ndi mitsemphayo, ukafulumira kuponda zitsulo zimasukusa. Zimenezi si zoti munthu azichita kuthamangitsa dokotala kuti amve. A physio, aja ophunzitsa wodwala kulimbitsa thupi, nawo anaoneka mochedwa miyendo itayamba kale kuonda. Jekeseni wa pamimba tinkangoona akubaya, titafunsa ndi pomwe anati ndi woletsa magazi kuundana m'miyendo, ndipo mwendo ukatupa kapena kubanika kupuma tithamange nawo. Nkhani yaikulu chonchi kuimva mwangozi!

China chomwe anthu amachita nacho manyazi, kuvulala kumeneku kumatha kukhudza chikhodzodzo, njira ya mkodzo komanso nkhani za kuchipinda, koma palibe anayambitsa nkhaniyi mpaka alamu anga analimba mtima n'kufunsa okha.

Pa X-ray yobwereza screw imodzi yakutsogolo inaoneka kuti yabwerera pang'ono, tonse mitima mmwamba, adokotala osadabwa n'komwe anati zimachitika kawirikawiri poti malo amenewo mwachibadwa amasunthako pang'ono, ngati sipakupweteka ndipo chiuno sichinatsegukenso sachotsa. Akanatiuza kale bwenzi titagona tulo usiku umenewo.

Opaleshoni ndiipatsa 9 pa 10, chisamaliro chotulukira 4. Mukamatuluka musanyamuke asanakulembereni pa pepala mwendo woti muziponda, mlingo wake komanso mpaka liti, ndipo alembe ndi adokotala amene anachita opaleshoniyo.