Nsima ya ufa woyera ndaipeza ku Mbare, koma chambo chake ayi

Ndakhala mu Harare muno zaka 6 tsopano ndipo sadza, nsima ya kuno, ndimadya daily, sindikuinyoza ayi, koma aliyense amene anakulira kumudzi akudziwa kuti ufa wa m'mapaketi wa m'mashopuwu ndi wina, ufa woyera wokonola, woviika m'madzi masiku atatu nkuutsuka, kuyanika pamphasa kenako kuchigayo, ndi winanso. Ndiye mnzanga amene timagwira naye ntchito ku Msasa atandiuza kuti ku Mbare kuli mayi ena a ku Nkhotakota amaphika nsima yakwathu, Loweruka lomwelo ndinakwera kombi. Pano ndapitako katatu, nchifukwa chake ndati ndilembe.

Malowo alibe chikwangwani. Ndi kuseri kwa nyumba basi, anamanga shedi ya malata, matebulo anayi ndi mabenchi. Ukatsika pa Mbare Musika umayenda pansi mwina maminitsi 10 kulowera cha ku Rufaro Stadium, ukafunsa kwa amayi achiMalawi ophika nsima anthu amakulozera. Nditangokhala pansi kamtsikana kanabwera ndi beseni ndi jagi ya madzi ofunda, kagwada pang'ono, "Takulandirani achimwene, lero kuli usipa, nyemba, mang'ina ndi chambo." Mawu amenewo okha aise, mtima unakhala m'malo.

Nsimayo ndiye nkhani. Mitanda itatu yoyera mbee, yosalala, yopanda mibulu ngakhale umodzi, ukatema siimata m'manja komanso siiphwanyika, ndipo ili ndi kafungo kowawasira pang'ono kaja kamene kamabwera chimanga chikagona m'madzi. Ndinayamba ndadya mbamu ziwiri zopanda ndiwo kuti ndimve bwinobwino. Amayiwo anandiuza kuti chimanga amagula pa Musika pomwepo, kukakonoletsa, kuviika okha m'migolo iwiri ya pulasitiki imene ili pakona paja, ndipo nthawi ya mvula ufa ukakanika kuuma amaphika mgaiwa ndipo amakuuziratu usanaode. Zimenezo ndinazikonda.

Ndiwo zimene ndikukulimbikitsani ndi usipa ndi nkhwani wotendera. Anzathu achiShona akaona usipa amati ndi kapenta yemweyo, ayi si yemweyo, kapenta wa ku Kariba uja anachita kubwera naye kuchokera ku nyanja ya Tanganyika m'ma 1960, ndi wamfupi komanso mchere umachuluka, pomwe usipa ndi wotalikirapo, uli ndi kakuwawa kake kam'mimba kamene kamakoma ukakumana ndi tomato ndi anyezi. Wawo amautumiza achibale pa mabasi a ku Blantyre odzera pa Mwanza, Tete mpaka Nyamapanda, iwo nkukatenga katoni ku depoti ya mabasi ya Roadport. Amauviika kaye m'madzi otentha kuchotsa mchenga, ine katatu konse sindinalumepo mchenga. Nkhwani wake nsinjiro samana, wothyathyathya bwino, osati wamadzimadzi ngati umene umapeza malo ena. Mbale imeneyi ndi $2 ndipo umakhuta mpaka madzulo. Mang'ina, amene kuno amati mazondo, ndi $3, ofewa mpaka kusiyana ndi fupa okha koma tsabola amachulutsa, amene simugwirizana ndi kambuzi nenanitu. Thobwa ndi wa chimera cha mawere, dola makapu awiri, shuga umathira wekha.

Tsopano chimene chinandikhumudwitsa. Ulendo wachiwiri ndinaoda chambo, $6, ndalama yambiri ndithu kwa munthu wolandira pa wiki ngati ine. Itabwera nsombayo ndinangoiona mutu ndi kunenepa kwake ndinadziwa kuti iyi ndi bream ya ku Kariba, yoweta. Yokazinga bwino inde, khungu lokhukhuta, koma mnofu wake ulibe kukoma kuja kwa chambo cha ku Mangochi kapena ku Salima, ine ndinakulira kufupi ndi nyanja sungandinamize pa nsomba. Ndinawaitana, "Amayi, nsomba iyi si ya ku Kariba?" Anaseka nkuti, "Mwana wanga, chambo chachiwisi chingafike kuno chisanaole? Anthu amafuna kumva dzinalo." Ndikuwamvetsa, ulendo wake ndi wautali ndipo pamaboda pamachedwetsa, koma ine ndikuona kuti si bwino, angonena kuti bream ndipo mtengo autsitse, munthu asankhe akudziwa chimene akugula. Anthu amabwera pamalopo chifukwa chowakhulupirira pa ufa ndi usipa, nanga bwanji kuwononga chikhulupiriro chimenecho pa nsomba imodzi.

China ndi kudikira. Magetsi akazima, ndipo amazimazima, zonse zimapita pa nkhuni ndi mbaula imodzi, tsiku limenelo ndinakhala maminitsi 40 ndi njala yanga. Chenji nachonso ndi vuto, ukapereka $10 amayamba kuzungulira m'maneba, mwina akupatse ZiG, ndalama ya kuno, mwina akuti tenga thobwa, bola kunyamula madola amodziamodzi kapena kulipira pa foni kudzera pa EcoCash. Toileti ndi imodzi, yaukhondo koma madzi ndi a mu ndowa.

Koma kudikirako sikumawawa kwambiri chifukwa cha bawo. Panja pansi pa mtengo wa mapeyala pamakhala madala anayi kapena asanu ndi bawo lamatabwa lakuda bii ndi manja, maenje 32, nkhomo 64, zina zinasowa anaikamo timiyala. Agogo ena amene amakhala pampando wa pakati anandiuza kuti bambo awo anabwera ndi Mthandizi, bungwe lolemba anthu ntchito, nthawi ya Federation, m'ma 1950, kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya, iwo anabadwira konkuno mzinda uno ukadali Salisbury ndipo ku Malawi anapitako kawiri kokha, koma Chichewa amayankhula chakale chokoma chosakaniza ndi Chishona apa ndi apo. Ndinawapempha, "Agogo, ndingayeseko?" Anangondisunthira benchi. Mmene amasewerera ndinachita chidwi, sagwira nkhomo powerenga, chala chimangoyenda m'mwamba pamwamba pa maenje milomo ikugwedera, kenako kutapa kamodzi nkuyamba kufesa, kudya kuno, kuzungulira, kudyanso uko, ine ndikungotakata. Anandidya magemu awiri, yachitatu anandionetsa pamene ndinathamangira kugwetsa nyumba nthawi isanakwane, ndipo anabweza nkhomo zonse mmene zinalili kuti ndione ndekha, kuzikumbukira zonse dzenje ndi dzenje. Palibe kubetcha ndalama, woluza amagula thobwa basi.

Kaspika kamakhala kakulira nyimbo za sungura, makamaka Alick Macheso, ndipo akafika poimba Chichewa madala onse amayimba nawo. Mkangano wa mpira ndiye sutha. Anyamata obadwira kuno ndi a Dynamos ndi Warriors, ife obwera ndi a Flames, ndiye wina akangoyamba matama timamukumbutsa January 2022 ku Cameroon, Malawi 2 Zimbabwe 1, zigoli zonse ziwiri Gabadinho Mhango, pamenepo phokoso mpaka amayi kutuluka ndi mthiko m'manja kudzatiletsa. TV palibe, amene akufuna kuonera gemu ndi pa foni.

Mukafuna kupita pitani Loweruka koma mufike isanakwane 1 koloko chifukwa usipa umatha msanga, Lamulungu amatsegula mochedwa akabwera ku tchalitchi. Ana mutha kupita nawo, mowa sagulitsa ndipo oledzera amawabweza pageti. Ine ulendo wathawu ndinawafunsa za kondowole poti kwawo ndi ku Nkhotakota, anati ufa wa chinangwa anaitanitsa ubwera ndi basi ya kumapeto kwa mwezi pamodzi ndi utaka wouma, ndiye ndasiya nambala yanga kwa kamtsikana kaja kuti katoni ikangofika andiuze pa WhatsApp.