The 100 taimaliza, koma chifukwa cha mathero ake ndaipatsa nyenyezi zitatu basi

Ndiyambe ndi kuchenjeza, amene simunafike sizoni 7 lekezani pompa chifukwa ndiulula zonse, musadzati sindinanene.

Kunyumba kwathu kuno ku Chitakale sirizi ya The 100 tinaiyamba mu May ndipo taimaliza sabata yathayi, masizoni onse 7, maepisodi 100 ndendende ngati dzina lake lomwelo. Ndinakabenetsa pa flashi pamalo ena ake pompano, dzina sinditchula koma mnyamata wake anandigwiritsa fuwa lamoto kawiri. Sizoni 4 anandiikira episodi 9 kawiri, 10 kulibe, ndinachita kubwererako pa kabaza mvula ikuwaza. Sizoni 6 mawu amatsalira m'mbuyo, munthu watseka kale pakamwa mawu ake ndi pomwe akutuluka. Koma izo si mlandu wa sirizi, tizisiye.

Kwa amene simukuidziwa, nkhani yake ndi yoti dziko lapansi linawonongeka ndi mabomba a nyukiliya, anthu otsala akhala mlengalenga mu chombo chotchedwa Ark kwa zaka 97, mpweya wayamba kutha ndiye akuluakulu aganiza zotumiza ana 100 omwe anali mndende kuti akaone ngati pansi pangakhalike munthu. Akafa afa, anali akaidi kale. Inayamba kuoneka ku America pa kanema wa CW mu March 2014, anaitenga m'buku la Kass Morgan, ndipo episodi yomaliza inatuluka pa 30 September 2020. Inde tachedwa nayo, kuno sirizi imafika tsiku lomwe wobena waipeza.

Chilungamo chake sizoni 2 mpaka 5 ndi moto. Nthawi ya chiperoni ija, kunja chifunga phiri osaoneka nkomwe, ife tinkadzadza pabalaza ndi mabulangete, laputopu pa tebulo, mbatata yootcha pambali. Ine, mayi akunyumba, mlamu wanga amene amagwira ku esiteti ya tiyi, anyamata awiri apaneba, ndiye anganga, agogo awo a akazi anga, omwe Chizungu sakumva ngakhale pang'ono koma sanajombe tsiku limodzi. Mlamu ndi amene amawamasulira, kuwonjezera ndi zake zomwe ngati ma DJ amuvidiyo sho aja. Titafika pa nkhani ya Mount Weather, anthu okhala mkati mwa phiri omwe amagwira anzawo nkumawakhetsa magazi kuti iwo achire, anganga sanadabwe olo. Anangoti, "Phiri lililonse lili ndi eni ake, inu mumayesa ku Sapitwa anthu amasowa chabe?" Tinaseka koma usiku umenewo palibe anatuluka yekha kupita kuchimbudzi.

Chimene chinandigwira ine mu sirizi imeneyi ndi choti palibe woyera. Clarke ndi Bellamy, atsogoleri a ana 100 aja, anakoka limodzi chitsulo cholowetsa mpweya woipa nkupha anthu onse a m'phiri, ana omwe, kuti apulumutse awo. Octavia, mlongo wake wa Bellamy, ku bunker kuja, nyumba ya pansi pa nthaka yomwe anabisalamo, anafika podyetsa anthu nyama ya anzawo kuti asafe ndi njala. Zonsezo amachitira chinthu chimodzi, mtundu wa anthu usathe. Gwirani mfundo imeneyi chifukwa ndibwereranso pomwepa.

Kwa ine sirizi inayenera kuthera pa sizoni 5. Dziko lapsanso, onse agona tulo tamuchisanu tija zaka 125, koma Monty ndi Harper asankha kusagona, akalamba okha muchombo akufunafuna dziko lina, amwalira, asiya mwana wawo Jordan kuti adzadzutse anzawo nkuwaonetsa kwawo kwatsopano. Mayi akunyumba analira mpaka chimfine. Apo ndikanapereka nyenyezi zisanu osaganiza kawiri.

Sizoni 6 ndi yabwinoko, za ku Sanctum, dziko latsopano lija, ndi ma Primes oba matupi a anzawo aja. Koma 7, aaa abale. Maepisodi 16 koma theka lake tinkangofunsana kuti kodi pano tili dziko liti. Mwala wosamutsa anthu kupita ku maiko ena uja ukangowala munthu ali ku Bardo, kenako ku Skyring komwe papita zaka pomwe kwina apita masiku, kenako kwina kwachisanu, mlamu mpaka anatopa kumasulira nkumangowauza anganga kuti "asamukanso". Bellamy, munthu amene tayenda naye kuchokera episodi yoyamba, anasowa pafupifupi sizoni yonse, kudzatulukira mu episodi 11 atatembenuka mtima, wavala zoyera, akutsatira Cadogan, mtsogoleri wa chipembedzo cha ku Bardo, ngati m'busa wake. Tisanazolowere nkomwe, episodi 13 Clarke wamuombera. Chifukwa cha buku la zojambula la Madi, mwana womulera wa Clarke, kuti lisafike kwa Cadogan. Ndipo bukulo analisiya pomwepo osalitenga! Ndiye wamupheranji?

Apa ndi pomwe pabalaza panagawikana. Mayi akunyumba anadzuka nkukatsuka mbale, akuti, "Abambo, mukamaliza mudzandiuze, ine zopusazi ayi." Ndipo sanabwererenso ndithu mpaka tsiku lomaliza. Mlamu anaima mbali ya Clarke, akuti mayi aliyense akaona kuti mwana wake ali pangozi saganiza za ubale, ine ndikuti alamu, mayi wake uti amapha munthu nkusiya chomwe wamupheracho pansi? Anyamata apaneba anatsegula foni kutionetsa kuti anthu akunja nawo anakwiya koopsa episodi imeneyi itatuluka, makamaka omwe ankadikira kuti Clarke ndi Bellamy adzakwatirana. Chosekesa nchoti Eliza Taylor ndi Bob Morley, omwe amasewera anthu awiriwa, anakwatiranadi zenizeni mu 2019. Pakhomo mkazi ndi mwamuna, kuntchito wina akuombera mnzake.

Tsiku la episodi yomaliza magetsi anazima cha m'ma 6, tinaonera pa batire la laputopu kuwala titachepetsa. Nkhondo yomaliza yomwe anthu a Cadogan akhala akuinena sizoni yonse ija, kunapezeka kuti si nkhondo koma mayeso. Kuli zolengedwa zina zapamwamba zomwe zimaweruza mtundu wonse kudzera mwa munthu mmodzi, mukakhoza nonse mumasanduka kuwala nkukaphatikana nazo, mukalephera mumafafanizidwa. Clarke walowa nkumuombera Cadogan mayeso ali mkati, pobwezera zomwe Cadogan anamuchita Madi, walephera pomwepo. Woweruza wabwera ndi nkhope ya Lexa, chibwenzi cha Clarke chija, apa ndivomere tinakuwa tonse ngakhale sanali Lexa weniweni, chifukwa imfa yake ya mu sizoni 3 ija ya chipolopolo chosokera inatiwawa. Raven wakachonderera kuti apatsidwenso mwayi, Octavia waimirira pakati pa magulu awiri nkuwauza atule zida, Indra wathana ndi Sheidheda, mtsogoleri wankhanza uja, basi anthu ayamba kusanduka kuwala mmodzimmodzi.

Zooneka bwino, inde, nyimbo zake zabwino, Murphy ndi Emori anatiliza. Koma taganizani. Choyamba ndiye kuti Bellamy ankanena zoona za kusanduka kuwalaku, ndipo poti akufa sasanduka nawo, iye yekha wokhulupirira uja ndi amene watsala. Chachiwiri, zolengedwa zoweruzazi ndi ndani? Zimapha mitundu yathunthu ikalephera mayeso, ngati momwe zinathera eni ake a Bardo, nkumadzudzula Clarke kuti ndi wakupha. Palibe olo mmodzi mu sirizi yonse anakhala pansi kufunsa bwinobwino zimenezi kupatula Clarke yemweyo kwa mphindi imodzi.

Chachitatu ndi chomwe chandilembetsa ndemanga iyi. Clarke watsala yekha ndi galu Picasso, wabwerera ku dziko lapansi, kenako wapeza anzake m'mbali mwa madzi akumanga misasa akuseka, Raven, Octavia, Murphy, Emori, Echo, Indra ndi ena, asankha kubwerera kudzakhala naye. Koma woweruza wanena poyera kuti sadzabereka, ndipo akadzafa kwatha. Mlamu atamasulira zimenezi anganga anakhala chete kaye, kenako anati, "Ndiye akusekerera chiyani? Mudzi wopanda mwana ndi manda amenewo. Womalizayo adzamuika ndani?" Palibe anayankha. Ife kuno munthu ukamwalira amafunsa kuti wasiya mbumba yanji, ndiye anthu apha anzawo mazanamazana, adyana, Monty ndi Harper akalamba okha mlengalenga kuti mtundu upitirire, mapeto ake mtundu watha ndithu koma atiikira dzuwa lokongola ndi kanyimbo kuti tiziti zatha bwino. Jason Rothenberg, mkulu wa sirizi imeneyi, mwina kwawo zimenezi ndi mathero osangalatsa, kaya.

Mlamu mpaka pano akuti anamaliza bwino, akuti kusanduka kuwala kuja kuli ngati kukwatulidwa komwe amalalikira kutchalitchi, ndiye tisadandaule. Anyamata apaneba, mmodzi akuti bola Lexa anaonekeranso, winayo akuti nthawi yake anataya. Mayi akunyumba anadzaima pakhomo mphindi khumi zomaliza manja ali m'chiuno, funso lawo linali limodzi, "Bellamy wabwera?" Nditati ayi anangoti mxii nkupita kukagona.

Panali episodi ina mu sizoni 7, ya Callie mwana wa Cadogan, yoonetsa mmene zonse zinayambira mabomba akugwa. Imeneyo ndinaikonda kuposa ena onse a sizoni imeneyi, ankafuna ikhale chiyambi cha sirizi ina koma sizinatheke.

Ndiye sizoni 1 mpaka 5 nyenyezi zisanu, 6 zinayi, 7 imodzi ndi theka, koma zonse pamodzi zitatu chifukwa cha mathero aja. Ana aang'ono musawaonetse, magazi ndi ambiri. Flashi panopa ili kwa mnzanga wa ku Limbuli, ndamuuza alekezere pa Monty ndi Harper koma ndikumudziwa sangamve. Dzulo wandiimbira ali pa sizoni 3, akuti Bellamy ndiye munthu wake.